Amene Anazula Mapeyala Anga

Mabuku ambiri amene ndimawerenga alibe mapeto. Ndimawagula kwa bambo wina amene amayala mabuku akale pansi, pafupi ndi siteji ya minibasi ku Luchenza, ndipo buku lisanafike kwa iyeyo limakhala litadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Osuta fodya wopichira amayambira kung'amba kumbuyo, ati mapepala akumbuyo alibe ntchito. Amayi ogulitsa mtedza nawonso chimodzimodzi. Ndiye iwe uwerenga nkhani yonse, munthu waphedwa, anthu akukayikirana, wofufuza uja wawasonkhanitsa onse m'chipinda chimodzi, watsokomola, akuti tsopano ndikuuzeni amene anachita zimenezi. Kutembenuza tsamba, wapeza chikuto. Tsiku loyamba kundichitikira, bukulo ndinaligenda m'munda wa tiyi. Ndinakalitola m'mawa mwake litanyowa ndi mame.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ine ndi aphunzitsi ena sitinamvane, ndipo mtima wanga suchedwa kuwira, zimenezo aliyense kwathu amadziwa. Chingerezi changa ndi chodukaduka, koma mabuku ofufuza milandu safuna zambiri. Ukadziwa amene wafa ndi amene akunama, mawu ovutawo umangowalumpha. Nkhani za m'mizinda ikuluikulu, zothamangitsana pa magalimoto ndi kuwomberana, ndinaziyesa koma sizinandigwire mtima. Wakupha akakhala mlendo wochokera kosadziwika, ine zindikhudza bwanji? Zimene ndimakonda ndi za m'timatauni ting'onoting'ono, kumene kuli tchalitchi chimodzi ndi golosale imodzi, kumene munthu akagula nsapato zatsopano onse amafunsana kuti wazipeza bwanji. Kumeneko wolakwa ndi munthu amene unadya naye dzulo. Ndikamawerenga ndimawaveka anthuwo nkhope za kwathu kuno. Wagolosale amakhala uja wa pa Luchenza wosabweza moni. Nkhungu imene amalemba ndimaidziwa, ndi chiperoni chathu chomwechi. Ndipo poti mapeto kulibe, ndinazolowera kugamula ndekha mlandu. Nthawi yopuma ku esiteti, anzanga akamacheza za mpira, ine ndimatsamira dengu langa pansi pa bulugama, buku m'manja, n'kumaloza kuti wapha ndi uyu. Ndinayamba kudziona ngati katswiri. Akananditsutsa ndani? Mapepala oti anditsutse anthu anasuta kalekale.

Ine ndinabadwira m'malaini a pa esiteti, m'nyumba ya kampani. Bambo anga anatchola tiyi mpaka msana unakana, ndipo atapuma ntchito tinatulukamo, n'kulowa ena. Mtengo wa malalanje umene ndinadzala kuseri kwa nyumbayo ndili mwana ulipo mpaka lero, akudya ndi ana a eni. Ndikamadutsa pa njinga ndimayang'ana kumbali.

Ndiye nditakwatira ku Mphuka, n'kupita kukakhala kwawo kwa mkazi wanga monga mwa mwambo, chimene ndinkalakalaka kwambiri chinali mtengo woti ndidzadye ndekha zipatso zake.

Apongozi anga aakazi ndi amayi achilomwe achikale, amuna awo anamwalira ine ndisanafike pamudzipo. Ine ndi iwo sitiyang'anana. Tikakumana panjira amapatukira m'chimanga, ine ndimatsika panjinga n'kuyang'ana uko, moni timapatsana chapatali ngati tikulankhula ndi mitengo. Ena masiku ano anasiya zimenezi, amadyera mbale imodzi ndi akamwini awo, koma iwo ayi. Nyumba yawo ili chakumtunda, yathu chakumunsi, ndipo pabwalo pawo ndinali ndisanapondepo. Sikudana, ndi ulemu. Chilichonse chinkadutsa mwa mkazi wanga. Ankabwera n'kunena kuti amayi akuti denga la khola lawo, lija lili patali ndi bwalo, likudontha. Ine n'kuyankha kuti ukawauze ndikonza Loweruka. Loweruka likafika iwo ankapita kudimba, ine n'kukonza, madzulo n'kupeza mbale ya kalongonda itatsika kuchokera kumtunda. Zinkayenda bwinobwino choncho.

Chaka chimenecho mvula itangoyamba, mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, masiku atayandikira. Msewu wa kwathu mvula ikagwa ngakhale njinga imakana, ndiye anapita kukadikirira kuchipatala ku Boma, mng'ono wake n'kumamuyang'anira. Apongozi ankapitako apo ndi apo kukasiya ufa ndi nkhuni. Foni tinali nayo imodzi, inatsala ndi ine chifukwa cha ntchito. Tinagwirizana kuti ndizipita kukamuona Lamulungu lililonse, chifukwa nyengo ya mvula tiyi amaphuka ngati wapenga, kapitawo sakupatsa mpata pakati pa sabata.

Nditatsala ndekha ndinagula mbande zisanu za mapeyala omezanitsa, aja osachedwa kubereka. Ndinazimangirira m'katoni kumbuyo kwa njinga, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Kumunsi kwa nyumba yathu kunali kamunda kamene kanangokhala, muli nandolo wa apo ndi apo. Ndinakumba maenje akuluakulu, kuthira manyowa, kudzala, kuzika timitengo totchinjiriza, kuphimbira udzu. Sindinauze munthu. Ndinkafuna mkazi wanga pobwera ndi mwana adzangoona.

Sabata isanathe, ndikubwera kuntchito dzuwa litapendeka, ndinapeza palibe ngakhale umodzi.

Zimene ndinachita poyamba sizinali za m'mabuku. Ndinamenya chidebe theche mpaka chinakagwera m'nthochi, ndinalankhula mawu amene nkhuku zokha ndizo zinamva. Chala chitasiya kuwawa, mutu unayamba kugwira ntchito. Ndinagwada pansi n'kuyamba kuyang'ana monga amachitira anthu a m'mabuku anga. Sizinali mbuzi, mbuzi imasiya kathunthu kotafunidwa. Sanali ana, ana amazula n'kutaya pomwepo. Apa munthu anakumba mozungulira ndi khasu laling'ono, n'kunyamula mbande ndi dothi lake lomwe. Timitengo totchinjiriza anatenga. Udzu wophimbira anatenganso. Kenaka anakwirira maenje onse n'kusalaza bwinobwino. Wakuba wothamanga sakwirira dzenje. Ameneyu sankaopa kupezedwa, anagwira ntchito yake masana, modekha, ngati ali pakhomo pake. Ndinadziuza kuti ndi munthu wa pamudzi pomwepa.

Kunena zoona, pansi pa mkwiyo wonsewo panali kachimwemwe kena. Mlandu weniweni, m'mudzi waung'ono, anthu ake ndikuwadziwa onse.

Woyamba kumukayikira anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo anakwatira kutsidya kwa mtsinje, amapalasa kabaza ku Luchenza, ndipo pakamwa pawo sipatsekeka. Chikwatirireni ankandiseka kuti mkamwini azidzala nandolo basi, zinthu zoti akolola chaka chomwecho, chifukwa sadziwa tsiku lomwe adzamulongedzere chikwama. Tinkaseka tonse, ndi mmene timachezera pachilamu. Koma tsopano mawu aja anandibwerera ali ndi mano. Wachiwiri anali amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, amene nkhani zonse za malo zimathera kwa iwo. Kapena anaona kuti mlendo akuzika mizu.

Ndinayamba kufunsa. M'mabuku, wofufuza akafunsa anthu amanama, ndipo bodzalo ndi limene limawagwiritsa. Kwathu anthu sanama, amangokupatsa moni wautali. Amayi a pamjigo nditawafunsa ngati anaona munthu kumunsi kwa nyumba yanga, anayang'anana, wina anakonza nkhata yake, wina anandifunsa kuti kodi kuchipatala ali bwanji. Bambo wina wokonza mawailesi anati, "Mapeyala? Eee, mapeyala ndi abwino," n'kupitiriza kupukuta batire. Mtsikana wina anaseka mpaka anabisa nkhope m'chitenje. Ndinaona pankhope pawo kuti onse akudziwa. Mudzi wonse ukudziwa, wosadziwa ndine ndekha mwini mitengo. Pamenepo kachimwemwe kaja kanatha. Ndinaganiza kuti agwirizana, akundiuza mwakachetechete kuti pano si pako, udye, ugone, ubereke ana, koma usadzale.

Lamulungu limenelo kuchipatala sindinapite. Ndinawoloka mtsinje kukazungulira munda wa alamu anga, ndikunamizira kufuna bowa. Munalibe kanthu koma udzu wofika m'chiuno. Ndinadutsa kudimba kwa amalume, ndinapeza kabichi ndi mpiru. Ndinafika mpaka kumsika kwa ogulitsa mbande, kuyang'ana ngati zanga zabwererako. Ndinabwerera kunyumba miyendo ili matope okhaokha, nsabwe za m'tchire zili thalauza lonse.

Tsiku la msika ndinawapeza alamu anga pa siteji, atakhala pa kariyala ya njinga yawo, akudya chimanga chootcha ndi anzawo a kabaza. Nkhani inali itafika kale kumeneko.

"A Sajeni afika!" anakuwa alamu. "Anyamata, bisani chimanga, atifunsa malisiti."

"Alamu, mapeyala anga ali kuti?"

"Mapeyala? Ino ndi nyengo ya mango, alamu. Mabuku aja sakulembamo zimenezi?"

Anzawo aja anaseka. Ine makutu anayamba kutentha.

"Musandiseweretse. Munazula ndinu."

"Ine? Ndi msana uti? Chinangwa changa chomwe amakumba ndi akazi anga. Ndamva munabwera kumunda kwanga Lamulungu. Mukanapalirako pang'ono, udzu munauona."

"Koma mukudziwa amene anazula."

"Ndikudziwa."

"Ndani?"

"Aaa, zimenezo si za pakamwa panga."

Sindikudziwa kuti dzanja langa linafika bwanji pa kolala yawo. Chimanga chinagwa pansi. Anyamata aja anaimirira. Koma alamu sanagwedezeke, anangoyang'ana chimanga chawo mwachisoni.

"Menyani, alamu," anatero. "Koma mlongo wanga akachira, wobweretsa uthenga ndine, wonyamula katundu kuchokera pa siteji ndine. Mukufuna mwana adzaone amalume ake opanda mano?"

Ndinawasiya. Anatola chimanga chija, kuchipukuta pa malaya, n'kundipatsa theka. Ndinakana. Ndikukwera njinga ndinamva akuti, "A Sajeni, pitani kuchipatala. Ndakuuzani zaulere."

Ndinaganiza kuti akunditukwana kuti mutu wanga sukuyenda.

M'mawa mwake, titayezetsa tiyi pa sikelo, ndinamukokera pambali kapitawo n'kumufunsa ngati m'malaini muli nyumba yopanda munthu. Anati ilipo ina imene mwini wake akuchoka, ngati ndikuifuna ndimuyankhe sabata ikayamba, chifukwa oifuna ndi ambiri. Ndinadziwa tanthauzo lake. Kumuchotsa mkazi pamudzi pawo ndi mwana wakhanda, popanda kupempha kwa eni mbumba, si nkhani yaing'ono. Mwina akanakana kunditsatira, ndipo ukwati ukanathera pomwepo. Mwina akanavomera, n'kudana ndi abale ake chifukwa cha ine. Ndipo ine ndikanabwerera m'nyumba ya kampani, momwe ndinachokera, kukadzalanso mitengo ya ana a eni. Koma kukhala pamalo pomwe anthu onse akukuseka kuseri, mtima wanga sukanatha.

Lamulungu ndinakwera minibasi kupita ku Boma. Kuchidikiro ndinapeza amayi ali mbwee pansi pa mitengo, ena akuphika pa mafuwa, ena akuyendayenda manja ali m'chiuno. Mkazi wanga anali pamkeka, miyendo itatupa, akusenda mango ndi mano.

"Mwakumbuka kuti muli ndi mkazi?" anandilonjera choncho. "Sabata yatha ndinayang'ana kumsewu mpaka khosi kuwawa."

Ndinamuuza kuti pali nkhani yaikulu. Ndinakhala pansi n'kuiyala yonse mwadongosolo, monga amachitira wofufuza pa tsamba lomaliza limene ine sindinaliwerengepo. Za mbande, za maenje okwiriridwa, za khasu laling'ono, za amayi a pamjigo, za alamu. Za kolala ndinadumpha. Ndinamaliza ndi nyumba ya m'malaini. Iye ankangoyamwa mango ake, akundiyang'ana.

"Ndiye munafufuza paliponse?" anafunsa.

"Paliponse. Mpaka kutsidya."

"Kuseri kwa khitchini ya amayi munayang'anako?"

Kuseri kwa khitchini ya apongozi. Ukaima pakhonde pathu denga lake umaliona. Munthu wina aliyense pamudzipo amadutsa pamenepo popita kumjigo. Ine ndekha ndi amene ndimazungulira njira ya kumunsi.

Mkazi wanga anayamba kuseka. Anaseka atagwira mimba ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu, mpaka mayi wina wa pamkeka woyandikana anati, "Achimwene, musamuseketse choncho, achirira pompano." Mng'ono wake anabwera kuchokera ku mafuwa ndi mthiko m'manja, atamva nkhaniyo nayenso anakhala pansi.

Atapuma anandifotokozera. Kamunda kamene ndinadzalamo si kathu. Ndi ka achemwali ake aakulu amene amakhala ku Blantyre. Malire anali mzere wa nthochi, koma nthochi zija zinafa ndi matenda ine ndisanabwere, ndipo zimene ndinkaziona ngati malire zinadzalidwa pena. Nandolo uja amadzala ndi amayi, kungosunga malo. Mtengo wa mapeyala ukakula m'munda wa mwini, ndi mlandu wa ana athu ndi ana a achemwali, anthu oti panopa sanabadwe n'komwe. Amayi ataona mbande zija anasowa mtendere. Kundiuza sakanatha. Kudikira kuti mwana wawo abwere, mizu ikanagwira, pozula mitengo ikanafa. Ndiye ine nditapita kuntchito anatenga kakhasu kawo, kukumba umodziumodzi, kusenza pa beseni, kukadzala kuseri kwa khitchini. Mawa lake anakwera minibasi kudzamuuza iye kuti, amuna ako akabwera Lamulungu uwafotokozere bwino, asakhumudwe.

"Ndiye inu Lamulungu munali kuti?"

"Ndinali kufufuza."

Mayi wa pamkeka uja anaombera m'manja.

"Nanga anthu onse aja osangondiuza bwanji?" ndinafunsa. "Alamu osangonena?"

"Akuuzeni kuti chiyani? Kuti apongozi anu akuzulirani mitengo? Inuyo ndi mtima wanuwo mukanamva pomwepo n'kunyamuka, zotsalazo akanauza mphepo. Mawu a amayi kwa inu amadutsa mwa ine. Wina akawanyamula asanduka miseche. Achimwene akanena, mukanati akukulamulani pa malo. Ndipo achimwene aja anabwera kuno, akuti mashati awo mukawasokere batani."

Kenaka anasiya kuseka, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Malo aja a kuseri kwa khitchini mukuwadziwa? Ndi pomwe amayi amatayira phulusa ndi zitosi za nkhuku chikhalireni. Dothi lake ndi lakuda bii. Achemwali anapemphapo kuti amangepo, anawakaniza. Achimwene anafuna kudzalapo fodya, anawathamangitsa. Kwa ine anati, poti amuna ako ndi odzala mitengo, pamenepa pakhale panu."

Ndinayang'ana pansi. Nyerere zinali zitapeza khoko la mango. Mkazi wanga anandipatsa bango lina, ndinadya.

Sabata itayamba ndinamuuza kapitawo kuti nyumba ija apatse ena. Anati anadziwa kale, alamu anga anamunyamula pa kabaza n'kumufotokozera zonse.

Koma mitengo yanga sindinaione. Ndikanaiona bwanji? Inali pabwalo pomwe sindiponda. Ndinayesa kukwera pachulu cha kumtunda kwa njira, ndinangoona nsonga za timitengo totchinjiriza tija. Amayi a pamjigo tsopano anamasuka, aliyense wodutsa ankandipatsa lipoti. Wina ati yaphuka masamba ofiira. Wina ati apongozi anu amathirira ndi madzi otsukira mbale. Bambo wa mawailesi anati, "Ndinakuuzani kuti mapeyala ndi abwino."

Mwana anabadwa wamkazi. Alamu anga ndi amene anabweretsa uthenga ku esiteti, akuimba belu la njinga kuyambira kumsewu, batani lija lisanasokedwe.

Mayi ndi mwana atabwera kunyumba, n'kutha masiku a chikuta, tsiku lina masana ndinali kuseri kwa nyumba yathu ndikumata chubu cha njinga. Ndinamva mkazi wanga akuyala mkeka pakhonde, kenaka ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa. Apongozi anali atatsika. Ndinafuna kuzemba, koma gudumu linali m'manja, ndipo njira yotulukira inali yodutsa pakhonde pomwepo. Ndinangokhala chete kuseri kwa khoma. Mkazi wanga anawapatsa mwana n'kunyamula ndowa, ati akukatunga madzi, ngakhale mumtsuko munali modzaza.

Apongozi anamusewera mwanayo pang'ono m'Chilomwe. Kenaka anasinthira m'Chichewa, mawu atakweza pang'ono, oti adutse khoma.

"Iwe mayi iwe, wagona? Dzuka, ndikutume. Ukawauze abambo ako kuti mitengo yawo ikufuna udzu wina, uja unawola. Ine msana wanga watopa, ndinasenza kokwanira."

Mwana anangoti ng'aa. Ndinayang'ana chubu, ndinayang'ana khoma. Kenaka ndinayankha.

"Mayi, uwauze agogo ako kuti ndamva. Uwauzenso kuti ndathokoza kwambiri."

"Uwauze kuti Lamulungu m'mawa ine ndimakhala kutchalitchi, ndipo ndimachedwa, tili ndi kwaya. Njira ya kuseri kwa khitchini ilibe minga."

"Uwauze kuti ndidzafika."

"Uwauzenso," anatero apongozi, ndipo ndinamva kuti akudziletsa kuseka, "kuti chidebe chimene chili m'nthochi chija akachichotse, mukuswana udzudzu."

Ndinaluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Chimenecho chinali chiyambi. Mpaka lero mwana uja ndi amene amanyamula mawu athu, ngakhale tsopano akuyenda ndipo wayamba kuwonjezeramo zake.

Lamulungu ndinadikira mpaka nditaona duku loyera la apongozi likulowera kumsewu wa kutchalitchi. Ndinasenza mtolo wa udzu n'kukwera kumtunda. Miyendo inkachita ngati ikulowa m'nyumba ya bwana. Kuseri kwa khitchini ndinapeza mitengo yanga ili pamzere wowongoka kuposa umene ndinadzala ine, uliwonse ndi kamtengo kake, atautchingira ndi minga kuopa mbuzi. Inayi inali yobiriwira, masamba atsopano ali psuu. Wachisanu unali utauma. Pambali pake panali kambande kena kakang'ono, kongomera kuchokera ku nthangala, ka mapeyala achikuda aja aakulu ngati mutu wa mwana, amene amatenga zaka kuti abereke. Za umenewu palibe anandiuza, ngakhale amayi a pamjigo. Ndinauphimbira udzu wambiri kuposa inzake.

Mabuku aja ndimawerengabe. Chaka chatha ndinapeza limodzi lathunthu, mapepala onse alimo, ndinachita kuwerenga manambala kuti nditsimikize. Ndinathamanga nalo mpaka kumapeto. Wofufuza analoza munthu, munthuyo anaulula, apolisi anamutenga, buku n'kutha. Amene ndinamuganizira ine sanali iyeyo, koma chimene chinandinyansa si chimenecho. Ndinkafuna kudziwa kuti Lamulungu lotsatira, mkazi wa womangidwayo anakhala benchi liti m'tchalitchi chimodzi chija, ndipo anthu amene wofufuza anawakayikira pachabe anamuyankha bwanji moni pa golosale. Kwa ine kukoma kwa kamudzi kakang'ono kuli pamenepo, kuti mlandu ukatha palibe kothawira, mawa mukumananso pamjigo. Wolembayo pamenepo ndi pomwe anaikira cholembera pansi. Ndinabwerera kwa bambo wa pa siteji uja n'kusinthitsa ndi awiri ong'ambika.

Alamu anga dzina lija sanalisiye. Ana a pamudzi ena amaganiza kuti ndinalidi wapolisi. Mitengo inayi ija inayamba maluwa chaka chino, ndipo alamu anabwera kudzaima pansi pake, manja kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba ngati munthu wodziwa za ulimi.

"A Sajeni," anatero, "akapsa mudzalembe alonda. Pamudzi pano pali akuba."

Ndinawauza kuti wakuba wa pamudzi pano ndikumudziwa, ndipo peyala loyamba ndi lake. Ndidzamutuma mwana kuti akapereke.